Katundu Wathu M'mabokosi a Dothi

Kalata inandipeza m'shedi, ndili khale pa thumba, fodya ali pamiyendo, mphuno zikuyabwa. Inali miyezi yozizira, nthawi yosankha fodya, pa pulazi ija ya ku Goromonzi imene ili pafupi ndi msewu wa ku Mutoko, m'zaka za Chitaganya. Kalaliki wa pa pulazi anabwera nayo ataigwira ndi zala ziwiri ngati wagwira mbewa kumchira.

"Agogo, yachokera kwa amuna anu iyi. Ndikuwerengereni?"

Ndinati ayi bambo, maso ndili nawo.

Amuna anga enieni anali atagona kale kumanda a kuseri kwa mabani oumitsira fodya. Amene kalaliki ankanenawo ndi mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga wamkazi, amene ndinamulera ndekha mayi ake atamwalira. Kwathu mdzukulu wamwamuna ndi mwamuna wako. Umamukalipira ngati mwamuna, umamudandaulira sopo ngati mwamuna. Ameneyo anali ku sukulu yaikulu ya ku Halale, ku yunivesite, kumene anthu omera ndevu amakhalabe pa benchi. Ankaphunzira dothi. Inde, dothi lomweli. Ine ndalilima, ndaliponda, ndalizira, ndili ndi pakati ndinalidya, koma palibe anandiitana kuti bwerani mudzavale mkanjo.

Kuwerenga ndimadziwa, musandiderere. Ndinaphunzira ku msonkhano wa amayi a mpingo wa Lachinayi. Kungoti ndimawerenga ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala: ponda apa, ima, yang'ana, ponda apo. Kalatayo inali ya masamba awiri, ndipo tsamba loyamba linandidyera nthawi yonse ya chakudya cha masana. Linkati: agogo moni, aphunzitsi athu a za dothi akutitenga pa lole, ophunzira angapo, tikaone nthaka ya ku Nyasalande. Ine ndasankhidwa. Tidutsa msewu wa ku Mutoko Loweruka la sabata yamawa, ndipo ndapempha kuti tidzaime pa mphambano ya pulazi ndidzakupatseni moni.

Nditafika pa liwu lakuti Nyasalande ndinaliwerenganso kawiri kuti lisandithawe. Kenako fodya anagwa, ine ndinaimirira, nthungululu inatuluka yokha. Folomani anabwera chothamanga, ankayesa bani yapsa.

Tsamba lachiwiri ndinalipinda bwinobwino n'kuliika m'buku la nyimbo. Ndinati ili ndidya mawa. Mawa linafika, linandipeza ndili wotanganidwa.

Mundimvetse chimene ndinakuwira. Ine ndinachoka kwathu, kuseri kwa phiri la Dedza, ndili ndi mwana kumbuyo, kutsata mwamuna, wapansi, kudutsa kwa Apwitikizi. Tinkati tikagwire zaka ziwiri tibwere. Zaka ziwirizo zinabereka ana, anawo anaberekanso ana, mpaka zinapitirira makumi atatu. Kumudzi ndinasiya amayi ndi mng'ono wanga wamkazi, wopondana nane. Makalata anayenda kawiri, kenako zii. Ife otere amatitchula machona. Sindinkadziwa ngati mng'ono wanga akupuma, iyenso sankadziwa ngati ine ndikupuma, kapena anandimetera kale. Ndiye lole ya sukulu ikupita komweko, mwamuna wanga ali pamwamba pake, ine ndikhale chete?

Ndinauza mnzanga wa pa benchi yosankhira fodya. Mmodzi yekha. Chabwino, awiri.

Pa komboni panali lamulo losalembedwa. Munthu akamapita kumudzi sapita yekha, amanyamula komboni yonse. Wa bulangeti amabwera ndi bulangeti lake, wa kalata ndi kalata yake, ndipo wopitayo sakana, chifukwa iyenso chaka china adzafuna munthu womunyamulira. Palibe anafunsa kuti kodi ulendo wa sukulu ndi ulendo wanji. Lole ndi lole, Nyasalande ndi Nyasalande.

Pofika Lachitatu nyumba yanga inali sitolo. Mabulangeti, shuga, sopo wamtanda, magambutsi, galasi lodziyang'anira lokulungidwa m'siketi, mphika wa miyendo itatu, gudumu la njinga. Nkhani inakwera malole a fodya n'kukafika kutali. Mayi wina anabwera pa basi kuchokera ku Glendale ndi mutu wa makina osokera uli pamutu pake. Bambo wina wa ku Tete anabweretsa chitseko. Chitseko chenicheni, cha mapata ake, ankati nyumba ya amayi ake ili m'mbali mwa msewu, mungochitsitsa. Pa maphukusi kalaliki ankalemba zimene eni ake ankamuuza: kwa amalume, pa mkuyu, Ntcheu. Kwa mkazi wanga woyamba, akudziwa yekha.

Langa linali la nsalu ziwiri, bulangeti, shuga, sopo, ndi kalata imene ndinalemba ndi dzanja langali. Mizere inayi, masiku atatu.

Loweruka titaweruka tinakweza zonse pa ngolo ya ng'ombe ndi pa mawilibala, n'kukaunjika pa mphambano. Tinavala zakutchalitchi. Tinaimba nyimbo zitatu, yachinayi ili pakati, fumbi linaoneka.

Lole inaima. Kumbuyo kwake kunali anyamata achikuda, anyamata achizungu, mmwenye mmodzi, atsikana awiri ovala zipewa, onse pa benchi imodzi, akudya malalanje a m'thumba limodzi. Mzungu wa pulazi yathu anali ataimitsa galimoto yake chapatali, akuyang'ana zimenezo, kaliwo atamuluma ngati akufuna kumudula. Mdzukulu wanga anaimirira, anandiona, anamwetulira. Kenako anaona phiri lili kumbuyo kwanga, anakhalanso pansi.

Anzake anachita kumukankha kuti atsike.

"Agogo, ndani akusamuka?"

"Palibe, amuna anga. Ndi timaphukusi ta anthu."

"Kalata munawerenga?"

"Ndinawerenga."

"Yonse?"

"Tsamba lokoma lija."

Buku la nyimbo linali m'khwapa mwanga. Analitenga, anatulutsa tsamba lachiwiri, n'kundiwerengera pansipansi kuti anthu asamve. Linkati: chonde agogo musauze munthu. Uwu si ulendo wopita kumudzi, ndi sukulu. Aliyense waloledwa sutikesi imodzi. Tidzangoima pang'ono.

Ndinati, "Ndiye nkhani yaikulu chonchi umaibisa kumbuyo? Ukanayamba nayo."

"Agogo, mwandivula pamaso pa anzanga."

"Ndinakuvula kambirimbiri, ndinkakusambitsa ndine."

Sanaseke. Ndinaona kuti mwana akuvutikadi. Kumbuyo kwanga anthu anali chiimire, aliyense dzanja lili pa phukusi lake, akundiyang'ana ine amene ndinawaitana.

Aphunzitsi aja anatsika kutsogolo. Mzungu wamtali, wa kabudula, maondo ofiira ngati tomato, chipewa chodyeka m'mphepete. Anayang'ana chitseko, anayang'ana wotchi. Ine ndinazungulira lole ngati ndikuisirira, n'kusuzumira. Kutsogolo kwa benchi ija kunali mabokosi a matabwa, osanjikizana mpaka ku tenti. Ndinagogoda limodzi. Linalira ngati ng'oma.

"Umu muli chiyani?"

"Mulibe kanthu, agogo. Ndi obweretsera dothi pobwerera."

"Onsewa akupita ku Nyasalande opanda kanthu?"

"Inde."

"Auze aphunzitsi ako izi."

Ndinaimirira bwino, ndinakonza duku. Ndinati: bambo aphunzitsi, takulandirani. Anthu mukuwaonawa manja awo ndi amene amasankha fodya wa dziko lino, koma amayi awo ali uko mukupitako, akugona opanda chofunda. Inu mukutenga mabokosi a njala kupita nawo ulendo wonsewu, kukwera nawo pantoni pa Zambezi, kuwagwedeza m'mabampu, m'mimba mwawo muli mphepo yokhayokha. Bokosi lopanda kanthu limasweka msanga. Ife tikubwerekani zoikamo, ulere, mukakafika mukakhuthule, muikemo dothi lanulo.

Mdzukulu wanga anatembenukira kwa aphunzitsi n'kunena mawu atatu a Chingerezi.

Ndinati, "Ine ndayenda mtunda wonsewu, iwe mawu atatu?"

"Ndafupikitsa, agogo."

"Wameza."

Kalaliki anali akudikira mwayi umenewu moyo wake wonse. Anatsokomola, anabwera kutsogolo, anamasulira zonse, ndi manja omwe, mpaka kugogoda bokosi ngati mmene ndinachitira ine. Aphunzitsi anamvetsera, kenako anaseka mpaka kuvula chipewa. Anatulutsa mapu, anawayala pa mphuno ya lole, n'kuika malamulo awiri. Loyamba, chokhacho cholowa m'bokosi. Lachiwiri, midzi yokhayo ili m'mbali mwa msewu umene iwo akudutsa, chifukwa masiku awo ndi owerengeka.

Ndinavomera m'malo mwa onse, mokweza, ngati ndine mfumukazi.

Ntchito inayamba. Kalaliki amatchula mudzi, chala cha aphunzitsi chimayenda pa mapu, chikaima pa mzere wofiira, phukusi limakwera. Atsikana a zipewa aja ankalemba m'kope. Anyamata achizungu ankalandira mabulangeti a anthu a pa komboni n'kumawapinda mwaulemu, mzungu wa pulazi akuona, mpaka analiza galimoto yake n'kuchoka. Mutu wa makina unalowa. Mphika unalowa. Gudumu linakana. Chitseko sanachiyese n'komwe.

Langa ndinalisunga komaliza, mwini phwando sadya poyamba. Kalaliki anatchula mudzi wathu. Chala chinapita pa Dedza, chinazungulira, chinabwerera, chinatsika, chinakwera. Ndinati kuseri kwa phiri, mukadutsa mishoni, muwoloke kamtsinje. Chala chinachoka pa mzere wofiira n'kukaima poyera, popanda kanthu.

Mdzukulu wanga anati, "Agogo, n'kutali ndi msewu. Theka la tsiku kupita kokha. Lanu likhala."

Maphukusi a anthu onse ali m'lole, langa lili pansi, latsamira chitseko cha bambo wa ku Tete. Lamulo ndinalivomera ndekha, pamaso pa anthu. Dalaivala anali atayamba kale kupukusa injini.

Ndinagwira mdzukulu wanga pa malaya. "Afunse aphunzitsi, dothi akulifunalo ndi lotani?"

"Lamitundumitundu, agogo. Chonde, tachedwa."

"Auze kuti kwathu m'munda umodzi muli mitundu inayi. Kumtunda lofiira ngati magazi a nkhuku. Kudambo lakuda, lonona, logwira phazi osalisiya. Pa chulu loyera, lozirira nyumba. Ndiye pali lina, kumunsi kwa kamtsinje, lobiriwira ngati ndulu, ukalikumba limanunkha mazira owola, ndipo ng'ombe zimayenda mtunda kukalinyambita."

Zitatu zoyambazo zinali zoona. Lachinayilo ndinaliumba pomwepo, pa mphambano, ndi pakamwa pangapa.

Mwamuna wanga anandiyang'ana nthawi yaitali. Anadziwa. Mwana amene unamulera amadziwa mmene diso lako limachitira ukamanama. Anayang'ana phukusi lili pansi lija, n'kutembenukira kwa aphunzitsi. Ulendo uno kalaliki sanafunike. Ndinamva Chingerezi cha mwanayo chikutalika, chikutalika, kupitirira Chichewa changa, manja akujambula phiri, akujambula mtsinje. Maso a aphunzitsi anayamba kuwala ngati a mwana woona switi. Anatulutsa pensulo n'kuika kamtanda poyera paja.

Phukusi langa linakwera.

Injini ikulira ndinamukokera pambali. "Ukakafika ufunse mayi wa chipsera pa mkono wamanzere. Ndi cha phala. Ndinamuthira ndine tili ana, tikulimbirana chipande. Ukamuuze kuti womuthira phala uja ali moyo."

"Nanga ndikakapeza kuti..."

"Ukatero ubwere nalo phukusilo. Usandiuze kanthu, ndidzaona m'manja mwako."

Anapita masabata atatu. Ndinkasankha fodya khutu lili kumsewu, mpaka folomani anandibwezera mitolo iwiri, ati ndasakaniza wofiira ndi wachikasu ngati wakhungu. Lachinayi ndinakaulula kwa amayi a mpingo za dothi lobiriwira. Amayi otsogolera anati bodza ndi bodza, ndigwade. Ndinagwada. Tili m'pemphero ndinamva wina kumbuyo akufwenthera, akulimbana ndi kuseka, ndipo anali amayi otsogolera omwewo. Koma kunyumba sindinkaseka. Ndinkangoona mwana akutsika m'lole, phukusi lili m'manja, chingwe chake chili chimangire mmene ndinachimangira.

Lole inabwera Lachiwiri masana. Hutala inalira katatu pa mphambano. Ndinasiya fodya, folomani akukuwa, ndinathamanga ngati mtsikana, mabere akundimenya m'mimba. Lole inali yofiira ndi fumbi, ophunzira onse atanenepa masaya. Mwamuna wanga anatsika.

Ndinayang'ana m'manja. Munali kathumba kakang'ono ka nsalu yoyera, mwa timene ophunzirawo ankaikamo dothi. Phukusi munalibe.

"Agogo, dothi lanu lobiriwira lija aphunzitsi alifuna masiku awiri."

"Za dothi ukauze anzako. Nena."

"Alipo."

Ndinakhala pansi pamsewu pomwepo, m'fumbi. Iye anagwada pambali panga n'kuyamba kufotokoza, anzake atatizungulira.

Ati lole itafika m'mudzi anthu onse anathawa. Anaona mzungu wa kabudula ndi zitsulo zobowolera nthaka, anayesa ndi alangizi a boma aja ankagwira anthu chifukwa cha mizere ya m'munda. Panatsala nkhuku zokha ndi nkhalamba ina yosamva. Ndiye mdzukulu wanga, wa ku yunivesite, wa tayi, anaima pakati pa bwalo n'kukuwa kuti womuthira phala uja ali moyo. Anakuwa katatu. Kachitatu kuseri kwa nkhokwe kunatuluka mayi wamfupi, khasu lili m'manja. Anamuzungulira, anamuyang'ana kutsogolo, anamuyang'ana kumbuyo, n'kunena kuti makutu awa ndi akwathu, palibe mtundu wina ungavomere kuyenda nawo.

"Ndiye anati chiyani? Usameze liwu ngakhale limodzi."

"Anati, ukamuuze mtchona ameneyo kuti amayi anapita chaka cha njala, ndinawaika ndekha, anamutchula. Ukamuuze kuti bulangeti ndalandira koma ndi lopyapyala, ku Halale kulibe okhuthala? Kalata yake andiwerengera, zilembo zake zikuyenda ngati nkhanu. Ukamuuze kuti ine ndili ndi adzukulu asanu ndi awiri, iye mmodzi, ndamupambana. Ukamuuzenso kuti malo a nyumba yake, pafupi ndi mtengo wa masuku, sindinapatse munthu. Ndimalimapo maungu kuti pasamere tchire."

Ndinalira amayi anga pamenepo, kulira kochedwa zaka zambiri. Ndinalira, ndinalira, kenako ndinapezeka ndikuseka za bulangeti, mamina ndi misozi zili pamodzi. M'kathumba muja munali mtedza wa m'munda mwathu, waung'onoung'ono, wofiira. Ndinatafuna umodzi ndi mano anga awiri otsala.

Aphunzitsi anabwera n'kuima patsogolo panga, atapsa ndi dzuwa mpaka kusupuka mphuno. Analankhula, mdzukulu wanga akumasulira, ulendo uno mosabisa. Ati atatopa kukumba kumtsinje anakafunsa mng'ono wanga kuti dothi lobiriwira lili pati. Iye anafunsa kuti wakuuzani ndani. Atamva, anati, aa, ameneyo ndi wabodza chibadwire, anauzapo amayi kuti phala linadumpha lokha. Aphunzitsi ponena zimenezi ankapukuta misozi ya kuseka. Anatinso mitundu itatu ija anaipezadi, ndipo yadzaza mabokosi awiri. Anati m'midzi imene anafika chimanjamanja anthu ankawathawa kapena kuwayankha ndi msana, koma kumene anatsitsa phukusi anawaphera nkhuku, anawatengera kuminda, nkhalamba zinawauza dothi lililonse dzina lake ndi chimene limabereka, zinthu zoti m'mabuku awo mulibe.

Chaka chotsatira malole anabwera awiri. Chinacho anawonjezeka ophunzira mitengo ndi ena ophunzira matenda a ng'ombe, aliyense ndi mphunzitsi wake, ndipo onse ankaima pa mphambano yathu, mabokosi atatsekula kale. Ankatumiza uthenga sabata isanakwane kuti anthu akonzeke. Koma zimenezo ndi za m'tsogolo. Ine ndikunena za sabata imene ija.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi anthu sanapite kwawo, anatsata ine. Ena anali atalandira mayankho awo m'lole momwemo, wina kalata, wina nyemba, wina uthenga wa maliro, wina wakuti mkazi anakwatiwa kale, nayenso anabwera, ati bola kudziwa. Mtedza uja ndinaukazinga theka, aliyense analawa ziwiriziwiri, theka ndinasunga mbewu. Thobwa anafulula ndi anzanga, ng'oma tinabwereka kwa a ku Tete. Ndinavina mpaka chiuno chinandikumbutsa zaka zanga.

Mayina awo enieni ndiwasunga m'mimba, ana awo alipo, angandiimbe mlandu. Ndiwatchula mmene tinkaitanirana pa komboni.

Anabwera amake mapasa, ndi mapasa awo, ndi mwana wopondana ndi mapasa. Anabwera aphiri a thirakitala, mafuta ali m'zikhadabo. Anabwera abambo otentha mabani, maso ofiira, ndi akazi awo awiri amene tsiku limenelo anakhala mphasa imodzi. Anabwera anamwino a pa komboni, amene anatibadwitsira theka la ana onsewa. Anabwera akhukhi a kunyumba kwa dona, atabisa buledi m'jekete. Anabwera mbuya wa Chishona wogulitsa masamba pa mphambano, sankamva nyimbo zathu koma ankayankha mokweza kuposa tonse. Anabwera agogo a ndodo ziwiri, anachita kuwanyamula pa wilibala. Anabwera alaliki, anati angodalitsa thobwa n'kupita, anachoka dzuwa litapendeka. Anabwera atelala, ameti, abusa a ng'ombe za mkaka, alonda a pa geti, amayi asanu ndi mmodzi a pa benchi yathu yosankhira fodya, anamwali atatu a kwaya, apongozi a folomani, folomani mwini wake, ndi mlamu wanga wa ku Norton amene tinali tisanalankhulane chiikire maliro a mkulu wake, amuna anga enieni aja.